Anamusiyira Misomali Yokha Pakhoma

Maliro a mwamuna wake atangotha, azilamu ake anabwera ndi lole. Ananyamula mipando, bedi, wailesi, ngakhale makatani. Pomaliza alamu aakulu anatsitsa chithunzi cha ukwati pakhoma, anachisolola mufelemu n'kuchiponya pansi. Felemu yamtengoyo anaipana kukhwapa.

"Alamu, ndi chimenechonso?" anafunsa mayiyo.

"Pepalalo sungani. Felemuyi anagula ndi achimwene."

Inu owerenga, anthu ena manyazi alibe. Munthu wamasiye, ana awiri akuyang'ana, iwe n'kumakanganira felemu!

Mayiyo anakwiya mpaka misozi inauma. Anatola chithunzi chija, anapukuta chidindo cha nsapato pankhope ya malemu, n'kupita kumsika. Felemu imene akanakwanitsa inali yapulasitiki, yopyapyala, yotuwa. Anaipaka penti wakuda wotsala m'kachitini, n'kuikoloweka. Inaoneka ngati ya m'sitolo yapamwamba.

Mnansi wake wa saluni ataiona anati, "Asisi, tandikonzereni zangati zimenezi. Khoma langa likuchititsa manyazi."

Apa m'pamene mayi wamasiyeyo anagwa nayo. Anathamangira zotchipitsitsa osaziyang'ana bwino. Saluniyo inali ndi windo lalikulu, ndipo dzuwa litawomba mafelemu anapindika ngati mbale zakale. Ina inagwera kasitomala pamutu. Wa saluni anamuponyera mayiyo zonse pakhonde anthu akuona.

"Umasiye wanuwo musamaberere nawo anthu!"

Mawu amenewa anamuwawa kuposa lole ija. Ana anamupempha kuti angozisiya. Iye anakana.

"Andilanda mipando. Manjawa sanandilande."

Anabwerera kumsika kwa wogulitsa mafelemu n'kukhutulira mafelemu opindikawo patebulo pake. Kuyambira tsiku limenelo sankagulanso mwachimbulimbuli. Felemu iliyonse ankaipotokola pang'ono kuti aone ngati ngodya zikuyasama. Ankaitembenuza, kugwedeza kokolowekera, kukanda katoni yakumbuyo ndi chala. Ankaiyang'anitsa kudzuwa kuti aone zokalika.

"Mayi, mukugula felemu kapena galimoto?" ankadandaula wogulitsayo.

"Ndikugula dzina langa, bambo. Tulutsani zina."

Anakakonzanso saluni ija osalandira kanthu, mano ali gwa. Ulendo uno anakoloweka kutali ndi windo. Zazikulu anaika pakati, zazing'ono m'mbali, zonse zamtundu umodzi, pamsinkhu woti munthu aone osakweza khosi. Makasitomala anayamba kufunsa amene anakonza khomalo. Wa saluni sanapepese, koma ankawalozera nyumba ya mayiyo.

Kenako anamuitana wa malo odyera, kenako mphunzitsi wofuna kupachika satifiketi zake, kenako akwati atsopano. Lero ali ndi kashopu kake pamsewu waukulu, ana ali pasukulu, ndipo anthu amangomutchula kuti Mayi Mafelemu.

Tsiku lina kunabwera mtsikana amene mwamuna wake anamuthamangitsa ndi mwana kumsana. Ankafuna ntchito iliyonse, akulira osamveka zonena. Mayi Mafelemu sanamusisite phewa. Anamupatsa bulashi ndi chitini cha penti.

"Wakwiya?"

"Kwambiri, amayi."

"Ndiye bwino. Yambira ngodya iyo."

Inunso amene akupondani, kwiyani ndithu, palibe akuletseni. Koma mkwiyowo musagone nawo pamphasa. Upatseni ntchito, ngakhale chimene muli nacho m'manja n'chapulasitiki. Mtimawo musautaye.