Masamu a Lachisanu ndi Masamu a Loweruka

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinamva koyamba kuti ana akunyanja alibe mutu wa masamu. Anatero aphunzitsi athu, a Matewere, atanyamula mapepala athu a mayeso. Sananene mwachipongwe ayi. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti ku Balaka kumatentha, nkhani yodziwika kale yosafuna mtsutso.

Sukulu yathu inali ku Balaka komweko, sekondale yaikulu ya boma, yoyendera. Inkatola ana kulikonse: a m'tauni momwemo, a ku Rivirivi obwera pa njinga miyendo ili mbuu ndi fumbi, a ku Phalula, ndi ife a ku Machinga amene tinkakhala kwa achibale. M'kalasi mwathu mwa Fomu 2 tinali ochuluka moti desiki ya anthu awiri tinkakhalapo atatu, wa kumapeto thako limodzi lili m'malere. Mphunzitsi sakanatha kuloweza mayina onsewo, ndiye ankatidziwa m'magulu: a m'tauni, a njinga, akunyanja. Zotsatira za mayeso zikabwera, a m'tauni ankakhala pamwamba, ife akunyanja kumunsi.

Ine kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chiuta, kupitirira Chikweo. Bambo anga, msodzi, anandilola kukakhala ku Balaka kwa amjomba, ndiye kuti amalume anga, Che Saidi, amene anali telala, koma pa pangano limodzi. "Ukakhoza Fomu 2, upitiriza," anatero. "Apo biii, bwato likukudikira." Bambo sankanena mawu kawiri. Usodzi sindinkaunyoza, ndi umene unandilera, koma mtima wanga unali pa sukulu. Maphunziro ena onse ndinkakhoza. Masamu okha ndiwo ankandikokera kunyanja, ndipo mawu a a Matewere aja ndinayamba kuwakhulupirira.

Amene ananditsegula maso anali Linesi, mtsikana wa ku Phalula amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Mayi ake ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo pakamwa anatengera komweko, sankasowa poyankha. Tsiku la mapepala a mayeso lija, naye analakwa masamu ngati ine. Anandilanda pepala langa kuti aone ngati alipo womuposa kulakwa, kenaka ndinaona nkhope yake itasintha.

"Iwe Imurani, funso la makona atatu ili wakhoza bwanji? Izi sitinaphunzire."

"Tinaphunzira Loweruka," ndinayankha. Ndinasuzumira pa pepala lake. "Nanga iwe, la magirafu ili unalidziwira kuti?"

"Lachisanu."

Tinayang'anizana, kenaka tinaphulika kuseka mpaka a Matewere anatikalipira. Nkhani yake inali iyi. Lachisanu lililonse dzuwa likafika pamutu, ife anyamata achisilamu, ambiri mwa ife akunyanja, tinkapita ku mzikiti ku swala ya Ijuma, ndipo sukulu inkatiloleza. Koma nthawi yomweyo inali ya masamu, ndipo a Matewere ankakonda kuyamba mutu watsopano Lachisanu kuti tikaugaye kunyumba. Loweruka m'mawa ankatiitananso, mwa kufuna kwawo, kuti timalize silabasi. Linesi anali wa mpingo wopemphera Loweruka, choncho tsikulo sankaponda pa sukulu. Aliyense wa ife anali ndi chibowo chake mu sabata, ndipo zimene tinalakwa zinali zogwera m'zibowo zimenezo.

Tinapangana ngati mmene amapanganira alimi olimirana minda: iye azindiphunzitsa za Lachisanu, ine ndizimuphunzitsa za Loweruka. Tinkakumana Lolemba tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makalasi. Sipanatenge nthawi, anzathu anayamba kundiitana kuti "mkamwini wa ku Phalula", ndipo mphekeserayo inayenda mpaka inafika pa khonde pamene amjomba ankasokerapo.

Madzulo ena ndinawapeza makina ataima, chizindikiro choti zavuta.

"Ndikumva kuti wapeza banja pansi pa mango," anatero osandiyang'ana.

Ndinadziwa kuti liwu limodzi la amjomba kwa bambo likanandikweza basi ya ku Machinga mawa lake. Ndinafotokoza zonse, mpaka ndinawaonetsa mapepala. Pomaliza ndinati, "Kapena ndisiye kupita ku Ijuma, amjomba, mpaka mayeso atadutsa."

"Iyayi! Swala susiya, ndipo sukulu susiya. Zimene mukuchitazo n'zabwino, malo ndiwo mwalakwitsa. Chinthu chabwino ukachichitira kuseri, anthu amachipatsa dzina loipa. Mubweretse mnzakoyo pano."

Lolemba lotsatira Linesi anabwera, akuyenda mwamanyazi koyamba chimudziwireni. Amjomba anamukokera benchi. "Amwali, khalani apa," anatero. Anatipatsa choko chawo cholembera pa nsalu, ndipo simenti ya khonde inasanduka bolodi. Ndimakumbukirabe fungo la mafuta a makina ndi la nsalu yatsopano yositidwa ndi simbi ya makala, ife tili chogwada kujambula magirafu, anthu opita kumsika akutilambalala.

Linesi anali wophunzira wovuta. Ndikangonena kuti, "Apa timatere," iye ankafunsa, "Chifukwa chiyani?" Ndikati a Matewere anatero, ankati, "Ndiye ubwerere ukawafunse, ine za anatero sindimva." Zimenezi zinasintha mamveredwe anga. Loweruka ndinasiya kukhala kumbuyo ndi anzanga akunyanja. Ndinkalawirira kukakhala kutsogolo, ndipo ndinkamvetsera m'malo mwa anthu awiri. Ine amene sindinkakweza mkono m'kalasi ndinayamba kufunsa mafunso, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma kuopa pakamwa pa Linesi. Ndipo ndinaona kuti chimene ndamufotokozera bwino sichinkachokanso m'mutu mwanga.

Anzathu aja atatopa ndi kuseka anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena a kumzikiti, ena a Loweruka, ngakhalenso a njinga amene ankaphonya phunziro loyamba la m'mawa. Khonde linachepa. Amjomba ankadandaula kuti tikuwathamangitsira makasitomala, koma choko sankatimana.

Kumapeto kwa chaka a Matewere anawerenga zotsatira kuyambira pamwamba, monga mwa chizolowezi chawo. Dzina la Linesi linatuluka msanga, langa pambuyo pake pang'ono. Anaima, nakweza maso kufunafuna mwini dzinalo m'chikhamu chija.

"Imurani ndi uti? Kwanu ndi kuti iwe?"

"Ku Chiuta, sala."

"Kunyanja? Nanga mutu wa masamu wautenga kuti?"

Ndinaimirira bwinobwino, mtima uli m'malo. "Mutu tinali nawo, sala. Chimene tinalibe ndi Lachisanu."

Kalasi inaseka, koma iwo sanaseke. Anandiitanira panja, ndipo anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano. Anali munthu wachilungamo, kungoti kalasi inawakulira. Chaka chotsatira mitu yatsopano ankaiyamba Lolemba.

Nditapita kwathu pa tchuthi ndinawapeza bambo akusoka ukonde pansi pa mtengo. Ndinawauza kuti ndakhoza. Anapitiriza kusoka kwa kanthawi, kenaka anati, "Chabwino. Bwato ndipalasa ndekha." M'mawu amenewo munali kunyadira, munalinso chisoni cha munthu amene wadziwa kuti mwana wake sabwereranso.

Lero ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yaikulu, ndipo Linesi ndi namwino. Kalasi yanga ndi yodzaza kuposa ija, moti nanenso ndimayesedwa kuwadziwa ana m'magulu. Koma ndikaona kuti ana ochokera dera limodzi, kapena opemphera kumodzi, aunjikana kumunsi, sindithamangira kunena za mitu yawo. Ndimawaitana n'kuwafunsa kuti ndi nthawi iti imene ine ndimaphunzitsa iwo kulibe, ndipo amakhala ali kuti. Ena amakhala ali kumzikiti, ena pa njinga, ena akulera ang'ono awo mayi ali kumunda. Mpaka pano sindinakumane ndi mudzi wobala ana opanda mutu wa masamu. Ndimangokumana ndi ana amene akusowa Lachisanu lawo.