Gitala Yofiira ya Aphunzitsi Kaliati

A Wenceslaus Kaliati anaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale pafupi ndi Mua mpaka tsitsi linachita imvi, koma anthu a kumeneko sawadziwira choko. Amawadziwira magitala. Bambo awo anali wosema ziboliboli, ndipo mwanayo anakula akusewera ndi tchizulo. Atakula sanafune kusema nkhope za anthu. Anafuna mtengo woti uziimba.

Akaweruka ku sukulu ankalowa m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba. Thupi la gitala ankasema ndi mlombwa, khosi ndi m'bawa. Timizere tachitsulo ta pakhosi ankadula ku masipoko a njinga. Chovuta chinali kachipangizo kotola mawu a nsambo kupititsa ku sipika: ankachotsa maginito m'mawailesi akufa, n'kukulunga waya wa kopa woonda ngati tsitsi, pang'onopang'ono, mpaka maso kuwawa. Waya ukaduka ankayambiranso. Magitalawo sankagulitsa. Ankapatsa kwaya ya ku tchalitchi kapena munthu amene wawakomera mtima.

Yoposa onse anaipanga chaka chimene mwana wawo Zione ankakwatiwa ndi Bizeki, woimba wa ku Mtakataka, mnyamata wa pakamwa pokoma. Inali yofiira ngati magazi, vanishi wake woti n'kudzionerapo nkhope. Anaipereka kwa mkamwiniyo pa tsiku la ukwati, anthu akululutira.

Banjalo linakhala zaka zingapo popanda mwana. Bizeki anayamba kugona kunja, kenako anabweza Zione kwa makolo ake ndi chikwama chimodzi. A Kaliati anameza zimenezo, poti mabanja amatha. Chimene chinawakanika kumeza chinali nyimbo. Bizeki anapeka nyimbo yonena za nkhokwe ya kwa aphunzitsi, denga lokongola, m'kati mopanda chimanga. Dzina sanatchule, koma panalibe wofunsa kuti akunena yani. Nyimboyo inagwira moto. Ankaiimba m'maukwati ndi m'malo omwera mowa kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka. Ana ankaiimba Zione akamadutsa pa mjigo, mpaka anasiya kupita ku msika.

Tsiku lina a Kaliati anaimva okha akugula misomali ku Mtakataka. Mawu a nyimboyo sanawapweteke ngati kulira kwa gitalayo. Anaizindikira monga kholo lizindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Waya aliyense wa m'menemo anakulunga ndi zala zawo. Anabwerera kunyumba osagula misomali ija.

Mkazi wawo, mayi Namaliya, anati, "Pitani kwa ankhoswe akamuletse."

"Ayi," anayankha a Kaliati. "Mtengo uja ndimaudziwa. Abwera yekha."

Ankadziwadi. Bizeki ankasiya gitala padzuwa, kuisiya pachinyezi, kuiponya m'galimoto ngati thumba la makala. Dzinja lachiwiri litatha khosi linapindika, nsambo n'kutalikirana ndi timizere, mawu n'kuyamba kuphonya. Amisiri a mawailesi anaitembenuza uku ndi uku, n'kuibweza.

Bizeki anafika pakhomo atavula chipewa, n'kunjuta pafupi ndi khonde.

"Apongozi, zakale zija zinali za chibwana. Loweruka ndili ndi ukwati waukulu ku Golomoti. Ndithandizeni."

A Kaliati analandira gitalayo ndi manja awiri, n'kuisisita khosi.

"Mwaivutitsa, aBizeki. Koma palibe kanthu. Mudzadzere pano Loweruka m'mawa popita ku ukwatiko."

Sabata imeneyo anagwira ntchito mosamala kuposa kale lonse. Zione ankamva sowo ikulira m'kashedi, ndipo anasiya kuwalankhula bambo akewo, poganiza kuti akukonzera mdani wake chida.

Loweruka Bizeki anabwera atavala suti, anzake oimba akudikira m'galimoto ya hayala pamsewu, masipika atamangidwa kumbuyo. Anapeza a Kaliati pakhonde akumwa tiyi.

"Takulandirani. Khalani pampandopo."

Bizeki anawerama kuti akhale, koma anaima pomwepo. Kampandoko kanali kofiira, kowala. Pokhalira pake panali thupi la gitala ija, mabowo ake atatsekedwa bwinobwino. Miyendo yake itatu inali khosi lija, lodulidwa mofanana, timizere tachitsulo tikuonekabe.

"Apongozi, mwachita chiyani?"

A Kaliati anatulutsa kajumbo, n'kukaika pansi patsogolo pake. M'katimo munali nsambo zisanu ndi imodzi, zokulungidwa mwaudongo.

"Izi munagula nokha, tengani. Mtengowu ndinadula ndine, ndinaumitsa ndine, ndinasema ndine. Ndinaupereka kwa mwamuna wa mwana wanga. Inu ndinu yani?"

"Anthu akundidikira ku Golomoti!"

"Kawaimbireni za nkhokwe. Pakamwa ndakusiyirani."

Bizeki anatukwana, anaopseza zopita ku polisi, anzake akuliza hutala pamsewu. Zione anatuluka m'nyumba atamva phokosolo. Anayang'ana kampando, anayang'ana Bizeki, n'kukakoka kampandoko, n'kukhalapo, n'kuyamba kusankha nyemba m'lichero.

Ku ukwati kuja eni ake anadikira mpaka anatopa, n'kuitana munthu wa zoimbira za pakompyuta. Nkhani ya kampando inayenda mofulumira kuposa nyimbo ija. Bizeki anabwereka gitala ina, koma akangokwera pansanja wina ankakuwa kuti, "Mpatseni mpando akhale!" anthu n'kufa nazo nseko. Gulu lake linabalalika, iye n'kusamukira ku Salima.

Mayi Namaliya sanakondwere nazo. Anati munthu wolandira Ukalistia sachita zotero, ndipo mpaka lero amakana kukhala pa kampandoko. A Kaliati sanatsutse, sanapepesenso. Zione anabwerera ku msika, ndipo tsopano ali ndi benchi yake ya nsomba zouma ku Mtakataka.

A Kaliati anapuma ntchito, koma akusemabe. Nyimbo ija sinafe yonse. Nthawi zina wakabaza wowanyamula amayamba kuiimba chapansipansi, osadziwa amene wawakweza. A Kaliati amamugwira paphewa, kumuuza kuti aime, n'kutsika. Mtunda wotsalawo amayenda pansi, ngakhale dzuwa litaswa mtengo.