Chitseko cha Azakhali

"Amake mwana, kodi mayi amene mwamupha m'kaderno mwanu molembamo nkhani ndi ndani?"

Anandifunsa choncho mayi oyandikana nawo nyumba, tikukumba kachewere kudimba. Ndinayankha kuti si munthu weniweni, ndi nkhani yopeka chabe. Iwo anaseka, n'kufunsa kuti ngati ndi yopeka, bwanji mayiyo anachoka ku Malawi atasenza chitseko pamutu.

Apo m'pamene ndinaona kulakwa kwanga. M'mudzi mwathu monse, kuno ku Ntengo-Wambalame, munthu amene anabwerera kothawa nkhondo ndi chitseko ndi mmodzi yekha, azakhali awo a amuna anga. Ena anasenza mapoto ndi mabulangete, iwo chitseko, ati nyumba umamanga paliponse koma chitseko chabwino n'chosowa. Ine zinandikomera, ndinaziika m'nkhani momwe zinalili. Sukulu ndinalekezera kinta kalasi, kalasi yachisanu, ndipo palibe anandiuzapo kuti za munthu wamoyo sutenga zathunthu.

Ndinkalemba masana mwana akagona, kaderno pabondo. Chakumapeto mayi wa m'nkhaniyo anadwala chifuwa n'kumwalira, poti ndinkafuna maliro kuti ana ake awiri osayankhulana akumane. Nkhaniyo ndinam'patsa mlamu wanga kuti andionere molakwika. Iye anakawerengera anzake pamzere wa kuchigayo.

Utafika mwezi wa Junyu, ndi kuzizira kwa kunoku, azakhali anayamba kutsokomola. Ndani satsokomola mu Junyu? Koma iwo anawatengera kuchipatala pa mota, njinga yamoto ija, ndipo pobwerera anaima pabwalo pathu, kukana mpando.

"Mwanawe, maliro anga wakonza kale. Wangotsala kundiuza tsiku."

Ndinagwada, ndinalongosola, sizinamveke. Akuluakulu a banja anagamula kuti mawuwo asapezekenso. Makaderno anawotcha ndi amuna anga, okha, osandiyang'ana.

Tsono inu ofuna kulemba mabuku, mverani ine amene zinandionekera. Mukatenga katundu kwa uyu, kayendedwe tengani kwa wina, kayankhulidwe kwa winanso, ndipo mudzi musinthe. Mukafuna kupha munthu m'nkhani, yambani mwaonetsetsa kuti alibe mbale wake pamudzi. Nkhani isanathe musapatse wachibale, chifukwa iye amawerenga kufuna nkhope zimene akuzidziwa.

Azakhali anachira, mpaka lero akulima nyemba zawo. Ine ndinataya makaderno awiri, masana a zaka ziwiri, ndi azakhali omwewo, munthu amene ankandisungira mwana ndikapita kumsika.