Buledi wa Pamaliro

Zipani zitangochuluka, ine ndinali ndi okala yanga ku Bangwe, pafupi ndi siteji ya minibasi. Chimene chinkaitana anthu chinali buledi. Wogula buledi amagulanso shuga ndi majarini. Popanda buledi, okala ndi chibokosi chabe.

Mayi anga atamwalira ndinatseka n'kupita ku Mulanje. Nditabwerako, galimoto ya ku bekale inangondidutsa, fumbi koboo! Mawa lake ndinaima pakati pa msewu.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani?" ndinafunsa dalaivala.

"Si ine, mayi. Kuofesi kwabwera kompyuta. Ndiyo ikunena poti tiime ndi makireti oti titsitse."

Kompyuta ya chiyani! Ine ndinati pali munthu wandidyera miseche basi. Ndinkakayikira mayi wa golosale ya patsidya, amene mlamu wake ankagwira ntchito komweko. Ndinamanga chitenje, ulendo wa kuofesi ya bekale ku Limbe.

Kalaliki anandionetsa chinthucho, changati TV koma chosaonetsa munthu. Akuti wogulitsa kwambiri chimamuwonjezera, wosatenga chimamuchotsa.

"Ndinali kumaliro a mayi anga," ndinatero.

"Pepani kwambiri. Koma umu mulibe polemba zimenezo."

"Nanga chikundiweruza bwanji chosandionapo?"

Anandibwezera kireti imodzi yoyesera, n'kundichenjeza kuti ndikamabweza buledi wosagulidwa chindichotsanso. Ndinachoka ndikukhulupirirabe kuti kuseri kwa chinthucho kuli munthu.

Posakhalitsa kunamwalira telala wa nyumba yoyandikana nafe, bambo amene ankasokera ana anga mayunifomu. Tinayala masamba pamsewu. Okala sindinatsegule, koma amayi a kumpingo anadzera kuseri n'kutenga buledi yense wa tiyi wa ogona pamaliro. Anthu anali ambiri, moti dalaivala anatsitsa makireti ena.

Sabata yotsatira galimoto inanditulira mulu wa makireti.

"Kompyuta yakukondani, mayi! Ikuti bizinesi yakula."

Kukula kuti? Buledi anayamba kuuma pashelefu, wina kuchita nkhungu. Kubweza ndinkaopa. Ana anga anadya buledi m'mawa, masana ndi madzulo mpaka kumamuthawa. Apa mpamene ndinasiya kukayikira mayi wa golosale uja. Munthu, ngakhale wanjiru, amadziwa kusiyanitsa msika ndi maliro. Chinthu ichi ndinadana nacho kuchokera pansi pa mtima.

Tsiku lina dalaivala anasuzumira pashelefu n'kupukusa mutu.

"Mayi, kompyuta ikufuna muzigulitsa ngati sabata ija."

"Sabata ija tinaika telala m'manda."

Anayang'ana kumsewu, pamene masamba aja anali atauma m'mbali mwa ngalande. Zaka zimenezo maliro sankasowa ku Bangwe.

"Musadandaule," anatero motsitsa mawu. "Mwina kugwa maliro ena."

Ndinamuuza kuti akweze makireti ake, asadzaimenso pakhomo panga. Okala ija ndinaigulitsa mvula isanagwe.