Mapazi a mdzukulu wanga pa ayezi

Kwathu ku Chinsapo ndinkasesa pakhomo kawiri patsiku, osati chifukwa cha zinyalala ayi. Ndinkafufuta mapazi a mdzukulu wanga wamkazi. Munthu akakutapa phazi, kadothi kokhako nkukamanga m'kansanza, watha nawe. Malemu amake mwanayu anayamba ndi kutupa mwendo. Achipatala ananena zawo, ine ndinadziwa zanga.

Ali ku koleji anamusankha, iye ndi achinyamata ena, kukwera sitima yapamadzi kupita kunsi kwa dziko, kumene kulibe mtengo, kulibe dothi, ayezi yekhayekha. Akuti akaphunzire chimene chasokoneza mvula yathuyi. Ndinakana, koma anapita.

Atabwerako tinakhala pakhonde masana, akundionetsa zithunzi pafoni. M'chimodzi munalibe munthu. Kuyera kokhakokha mbee, ndi mzere wa mapazi ukulowera kutali.

"Awa ndi a ndani?"

"Anga, Agogo. Si okongola?"

"Anasesa ndani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo inunso! Tsache kumeneko? Kulibe ngakhale nkhuku."

"Nanga kumbuyo kwako kunkabwera ndani?"

Anati aphunzitsi awo, ndi chitsulo chobowolera. Amabowola pansi pomwepo pamene anthu aima, nkutulutsa ayezi wautali ngati musi, nkumulemba nambala, nkumutsekera m'bokosi, ulendo kwawo. Mkati mwake akuti muli timpweya ta kalekale, tomwe ankapuma anthu amene ngakhale manda awo anaiwalika. Ukaponya kachidutswa m'madzi, timathetheka, umachita kumva ndi khutu.

"Iwe unamvera?"

"Eya. Komatu akusungunuka, Agogo. Nchifukwa chake amafulumira kutapa."

Kutapa. Ananena yekha ndi pakamwa pake, osamva chimene wanena.

Ndinamuuza achifufute chithunzicho ine ndikuona. Anafufuta, akupukusa mutu. Mtima unakhalako pansi masiku awiri.

Tsiku lachitatu ndili pamzere wotunga madzi, mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi, amene sitinalonjeranepo chisamukire kuno, anatula ndowa yake pafupi ndi yanga.

"Amayi, mwadzuka bwanji? Taonatu mapazi a mdzukulu wanu. Mwana wanga wandionetsa pafoni, akuti ali ponseponse." Anamwetulira. "Timapazi tating'ono bwanji. Lakumanzere amaliponda chokhota, eti?"

Amalipondadi chokhota. Ndinanyamula ndowa yanga yopanda madzi nkubwerera kunyumba.