Udzu wa Esinati

Pamene ndinkasankhidwa kukaphunzira digiri ya zamalonda ku Blantyre, n'kuti nditapereka kale chikole kwa Esinati wa ku Ligowe. Malume ake, a Sikelo, anandilozera malo pafupi ndi mtengo wa nachesi poti ndidzamange nyumba, monga achitira ndi mkamwini aliyense. Anangondifunsa kuti, "Sukulu yanuyo idzatha liti?" Ndinati zaka zinayi basi. Ndinakwera lole ya mbatata, khadi la chipani lili m'thumba, mtima uli m'malo.

Kukoleji ndinapeza kuti zaka zinayizo zinali ndi malamulo ake. Chaka chilichonse unkayenera kukhoza maphunziro onse: akaunti, zachuma, malamulo a malonda, kasamalidwe ka antchito ndi masamu. Ukagwa limodzi, ena onse aja sankakuwombola. Patchuthi chachikulu ankatitumiza kumakampani kukaphunzira ntchito, ndipo kumenekonso ankatichonga. Tsoka lake, tchuthicho chinkagwa m'chilimwe, nthawi imene kwathu amamanga nyumba.

Esinati ankamweta udzu wofolera chaka ndi chaka. A Matope, dalaivala wa lole ija, ndiwo ankanditengera mauthenga. "Akuti udzu wamweta kale, watsala ndi mwamuna wodzaimika mitengo," ankatero uku akuseka. Ine sindinkaseka. Anzanga akapita kudansi ndinkatsala ndekha ndi mabuku.

Chaka chomaliza ndinagwa masamu. Mayeso obwereza ndinagwanso, ndipo anandiuza kuti ndikhale chaka china. Ndinatumiza uthenga wosabisa kanthu. A Matope anabwera ndi yankho la a Sikelo: "Eti wakhoza zonse, walakwa chimodzi, ndiye akhalenso chaka chathunthu? Kodi phando limodzi likapanda kumera, munthu amadzalanso munda wonse? Ameneyo wapeza mkazi m'tauni." Zinandipweteka koopsa, poti kwathu aliyense anaona kuti a Sikelo akunena zanzeru.

Ndinabwerera mvula yoyamba itayandikira, digiri ili m'chikwama. Mayi anga anandipatsira mpango wa chikole uja, umene a ku Ligowe anali atabweza. Ndinapitabe ku Ligowe. Pafupi ndi nachesi uja panali nyumba yozira bwino, yomanga mmisiri wina wa matabwa wa ku Lisungwi, amene tsopano anali mwamuna wa Esinati. Palibe anandikalipira. Anandiikira mpando ngati mlendo wochokera kuboma, ndipo Esinati anagwada chapatali n'kundipatsa moni.

"Kodi nawenso sunandikhulupirire?" ndinamufunsa.

"Ine ndinakukhulupirirani," anatero. "Koma udzu wa zaka zonse zija unathera chiswe. Womalizawu sindinafune kuti nawonso uwole."

Mvula inayamba ndisanatsanzike, ndipo anandiuza kuti ndiuse pakhonde. Ndinakhala pamenepo nditafungatira chikwama changa, maso ali kudenga, kufunafuna podontha. Panalibe.