Galu atandiluma, makina anati ndinafa kale

Amene anandilakwira ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, ndipo chimene anachita n'chakuti anandilemba m'makina a chipatala kuti ndinamwalira, ine ndili moyo, ndikulima ndi kudya ngati anthu ena onse, kenaka atazindikira anangoti zii. Dzina lake sinditchula, osati chifukwa ndimamuopa ayi, koma ana ake amasewera ndi mwana wanga. Ndikudziwa kuti ena muziti mnyamatayu akukometsera nkhani, poti ku Zingalume kuno aliyense amadziwa kuti ine sindichedwa kupsa mtima, koma izi n'zoona, chipsera chili pakatumba panga mpaka lero, wokayika abwere adzachione.

Zinayamba ndi maliro a amalume, zaka zingapo zapitazo. Iwo ndiwo anali mwini mbumba kwathu, ndipo titameta, akuluakulu anagwirizana kuti dzina lawo lisatsalire kumanda, alowe ndi ine, chifukwa akulu anga onse ali ku Lusaka ndipo kumudzi amangotumiza moni. Tsiku lolowa dzinalo anandikhazika pamphasa, azakhali akundilangiza kuti mtima wapachala uja, umene unandichotsa pasukulu ndili giredi seveni, uthere pomwepo. Mlamu analipo. Iye ndi wodzipereka pa kiliniki yathu, anamupatsa njinga ndi tabuleti, chifoni chachikulu chija, kuti aziyenda m'midzi kulemba obadwa, odwala ndi omwalira. Pofuna kuti anthu amuone, anaitulutsa pagulu n'kunena kuti poti alamu ake akula lero, ndi boma lomwe lidziwe, ndipo anafufuta dzina langa la paubwana n'kulemba la amalume. Amayi analulutira, inenso ndinamva kukoma, ndinamirenji?

Chimene palibe anachiganizira n'chakuti amalume sanapondepo pa kiliniki moyo wawo wonse, iwo ankadalira mizu, ndiye m'makinamo munalibe dzina lawo. Tsono mlamu atakwera pachulu paja pamene timagwirira netiweki, kuti alembe imfa za mwezi umenewo, ali pa changu batire ikutha, anafufuza dzina la amalume, napeza munthu mmodzi wa mudzi womwewo, n'kudina kuti wamwalira. Munthu ameneyo ndinali ine. Izi ndikukuuzani chifukwa lero ndikuzidziwa, koma nthawi imeneyo ndinkangoyenda osadziwa kanthu.

Nthawi yotola thonje itafika, m'mawa wina ndikupita kumunda, galu wachilendo anatulukira m'tchire, wowonda, dovu lili chuu, mchira uli pansi, ndipo sanauwe n'komwe, anangofika n'kundikhadzula pakatumba. Anthu amene anali m'munda wapafupi anamuthamangitsa ndi miyala mpaka kumupha, n'kumutentha pomwepo. Anachita mondimvera chisoni, koma pa kiliniki anesi atamva anagwira kumutu, amvekere galuyo mukanamumanga tikanaona ngati ali ndi chiwewe, tsopano tidziwa bwanji? Anatsuka bala ndi sopo nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikufunika jakisoni wa chiwewe msanga, koma mankhwalawo sakhala pamudzi, amachita kuitanitsa pa dzina la wodwala chifukwa ndi osowa.

Anatenga tabuleti yawo, nandifunsa dzina, nadina. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anadinanso, pagalasi pakubwera zilembo zofiira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti bambo, makinawa akuti inu munamwalira, ndipo akukana kutumiza pempho. Anatsitsa mawu, inde, koma kodi pa kiliniki pali chinsinsi, amayi odzapimitsa ana kusikelo atadzaza pakhonde? Taganizani inuyo, magazi akutuluka pamwendo, galu amene wakulumani mwina ndi wachiwewe, ndiye chinthu cha boma chikuti imfa yanu inalembedwa kale. Mukanaganiza chiyani?

Mawa lake ndinapalasa njinga ndi mwendo wotupa mpaka kuchipatala chachikulu. Kumenekonso zilembo zofiira zomwe zija. Anthu ake anali abwino, sindingawanenere zoipa: anayesa pa kompyuta ina, anaimba mafoni, koma kosungira mankhwala ankangoyankha kuti pempho lililonse silinawafike. Anati amene angatsegule zimenezi ndi mayi wina wa makompyuta, koma anali atapita kukalumikiza makina cha ku Mlolo, kumene foni sigwira, ndiye ndibwerere kunyumba, ndizibwera kudzafunsa.

Pofika kumudzi nkhani inali itandiposa kale liwiro. Ena ankati dzina lamulemera, amalume ake akumuitana. Apongozi anga, amene amapemphera ku Pentekoste, ankati ndi mzimu wa imfa, ndigwade andisanjike manja. Ndipo mlamu yemweyo, atakhala pagolosale tabuleti ili pamiyendo, ankauza anthu kuti makina sanama, mwina aona zimene ife sitinaone. Anyamata anzanga anayamba kundipatsa moni woti a malemu mwadzuka bwanji, kumandako kukuzizira? Ine kuseka sindinkatha. Ndinkakumbuka bambo wina wa ku Zemba amene anafa ndi chiwewe ine ndili wamng'ono, atamangidwa pamtengo kuseri kwa nyumba, akulira ngati si munthu, akaona madzi m'kapu n'kumanjenjemera. Anesi anali atandiuza mosabisa kuti matendawa akangoyamba kuonekera, palibenso dokotala amene angawabweze. Ndiye kukhosi kukangoyabwa pang'ono, ndinkati basi, zayamba.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la msika wa thonje, dzuwa lili paliwombo, anthu atadzaza pamalo opimira mabelo. Mnyamata wina anafuula kuti a sikelo samalani, thonje la mzukwa limapepuka. Mutu wanga unazungulira. Ndinamugwira pakhosi, kumukweza, kutukwana mawu amene sindingalembe pano, malovu akuthovokera kukamwa. Nditamusiya ndinayang'ana uku ndi uku. Palibe ankaseka. Anthu ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, amayi akukokera ana kumbuyo kwa zitenje, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti taonani dovu, chamuyamba. Kenaka ndinaona bambo wina, amene anandinyamulapo ndili khanda, akumasula chingwe pangolo yake, maso ali pa ine. Mlamu nayenso analipo, ataima pakati pa anthu akuonerera.

Abale anga, mantha amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ndinkafuna kufuula kuti ndili bwinobwino, uku n'kupsa mtima kwanga kwa masiku onse, koma ndinadziwa kuti ndikangokweza mawu chingwe chija chindipeza. Ndipo mumtima munali funso lina loopsa kuposa chingwe: nanga ngati akunena zoona? Munthu chikamuyamba, amadziwa yekha?

Anandipulumutsa ndi mkazi wanga. Anatunga madzi m'chigubu cha anthu a sikelo, nayenda yekha kudutsa pamene aliyense ankaopa kufika, n'kundipatsa kapu akunena mokweza kuti bambo a mwana, imwani, anthuwa aone. Ndinayang'ana madziwo, kukhosi kunatsekeka, dzanja likunjenjemera mpaka ena kutayikira pamalaya. Ndinamva mayi wina akuyamba kulira. Ndinatseka maso, ndinameza kamodzi, anadutsa. Ndinameza onse, ndinapempha ena. Bambo uja anabweza chingwe pangolo, ine ndinangokhala pansi pafumbi.

Madzulo a tsiku lomwelo mkazi wa mlamu, amene anaona zonsezo, anakumana ndi mkazi wanga pachitsime ndipo mtima sunamulole. Anamuuza kuti mwamuna wake anazindikira cholakwacho kalekale, chimanga chisanache, anayesa kubweza koma tabuleti inakana, ndiye anaopa kukanena kwa akuluakulu kuti angamulande njinga ndi tabuletiyo. Mkazi wanga pondiuza anayamba waimirira pakhomo n'kubisa nkhwangwa. Anati mukapita kwa achimwene muli chonchi, mawa mudzuka muli pamtengo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinameza ukali, ndipo unawawa kuposa bala.

Tinalawirira kuchipatala chachikulu, mkazi wanga akupalasa, ine kumbuyo, ndipo mwamwayi mayi wa makompyuta uja anali atabwera. Titamufotokozera za kulowa dzina, anagwira pakamwa, akuti zimenezi amene anapanga makinawa sanaziganizepo. Ine ndinamufunsa kuti nanga anesi amene ankandiona ndi maso awo ndikupuma, analephera bwanji kuuza makina awo omwe? Anandikhazika pampando n'kundifotokozera ngati munthu, osandinyoza. Anati tabuleti silankhula yokha ndi nkhokwe yaikulu imene imasunga mayina a anthu onse. Pakati pali pulogalamu ina, ngati nkhoswe ya ukwati, imene imalandira mawu ochokera ku matabuleti onse, kuwayeza ndi malamulo amene inapatsidwa, n'kuwapititsa kunkhokwe kapena kuwabweza. Limodzi mwa malamulowo n'lakuti wakufa salandira mankhwala, kuopa akuba amene amatenga mankhwala pa mayina a anthu omwalira, ndipo lina n'lakuti tabuleti ya kumudzi ikhoza kulemba imfa koma singaifufute. Choncho mapempho onse a anesi ankathera pakatipo, kosungira mankhwala sanaone ngakhale limodzi.

Ndinati ndi nkhoswe yanji imeneyo yosafuna kuona nkhope ya mwini nkhani? Anaseka pang'ono, amvekere achimwene, imeneyi ilibe maso, imangokhulupirira amene wayamba kuiuza. Anaitana adokotala aakulu, aliyense analowetsa nambala yake yachinsinsi, ndipo zilembo zofiira zija zinachoka ine ndikuona. Ntchito yonseyo sinatenge nthawi yoposa yowiritsa tiyi. Anawonjeza kuti mlamu akanangonena pamene anazindikira, palibe akanamulanda kanthu, chifukwa kulakwitsa kudina kumachitika. Mankhwala anabwera ndi galimoto ya tsiku lotsatira, ndinabayitsa majakisoni onse, koma adokotala sanandinamize, anati tachedwa, tiziyang'anira. Miyezi yambiri pambuyo pake ndinkati ndikatenga kapu ya madzi, ndinkayamba ndaiyang'ana kaye. Ngati galu uja anali ndi chiwewe kapena ayi, palibe adzadziwe.

Lero sindikhulupirira kuti amalume ankandiitana, iwo anandikonda, sakanandituma galu. Makinanso sindiwada, anachita zimene anauzidwa. Chimene ndimaopa tsopano n'chakuti pakati pa ife ndi mankhwala athu pali chinthu chimene sitichiona, chosamva kulira, ndipo amene amachiuza za ife ndi anthu ngati ife tomwe, otopa, othamanga, amantha. Ndiye inu amene mukulowa mayina a akuluakulu anu, lowani kumudzi, koma musalole wina akusintheni m'makina pongofuna kuti amayi alulutire. Mukapita pa kiliniki muli bwino, pemphani akuonetseni kuti mwalembedwa chiyani, musadikire tsiku limene magazi akutuluka. Ndipo galu akaluma munthu, mumangeni galuyo, musamuphe.

Mlamu ankandithawa, akandiona patsogolo njinga n'kuikhotetsera kunjira ina. Tinakumana chaka chitatha, pa mowa wokumbukira amalume, pamene panalibe kothawira. Anabwera akumwetulira, chipanda chili m'manja, akuti alamu zakale zija tiiwale, ndi makina awa. Anthu anakhala tcheru, ena kuyamba kusendera kuti atilanditse. Sindinamugwire, sindinakweze n'komwe mawu. Ndinangomuyang'ana n'kunena kuti: "Alamu, kudina kuja ndinakukhululukirani kalekale. Koma tsiku lija munaona chingwe chikumasulidwa, inu mukudziwa zoona, munangoima n'kumaonerera. Ndiye tsiku limene ndidzafedi musadzavutike kubwera, maliro anga inu munakhalapo kale."